Gong'a ya Game Boy: ikonzeni, koma musaikhulupilile

Ma Game Boy abwelanso. Ena achoka m'madilowa a makolo kumene anagona zaka 20 pamodzi na machaja a Nokia, ena abwela na katundu wakale wochokela kunja, ena muwaona pa Facebook munthu atawajambula pa bedi. Nimvetsa chifukwa chake. Malaiti akapita, foni mufuna kuisungila chaji, koma Game Boy Advance na mabatili awili a AA ikutengani maola pafupifupi 15 osadandaula. Vuto ni lakuti makina aya sayenda okha. Afuna katiliji, ndipo makatiliji ambili amene ayenda m'manja mwathu ni gong'a. Ine nikaona Pokémon Emerald igulitsidwa pa mtengo wa bando ya data, sinifunsanso ngati ni oliji.

Pa nkhani iyi pali magulu awili, ndipo onse sinigwilizana nawo. Loyamba ni la aja amene anaphunzila za magemu akale pa YouTube, kwa anthu amene ali na mashelufu odzala na mabokosi. Akamva kuti katiliji yanu ni gong'a, akusekani monga mwavala nsapato yolembedwa Adibas. Kwa iwo gong'a ni zinyalala, ikavuta itayeni. Gulu lachiwili ni la aja amene akamba kuti gemu ni gemu, ikayaka ndiye kuti zonse zili bwino. Oyambawo aiwala kuti ambili a ise tinakulila pa gong'a, pa TV game ya makaseti achikasu olembedwa 9999999 in 1, mmene munali magemu ochepa chabe obwelezedwa na maina ena. Amene anatibweletsela Mario mu komboni si Nintendo, ni mafakitale a ku China na Taiwan amene anakopela. Achiwiliwo aiwala kuti kuyaka kwa gemu ni chiyambi chabe. Pali sevu, ndipo gong'a imaluma pa sevu.

Maganizo anga ni akuti gong'a yovuta nthawi zambili imakonzeka, na zinthu zotchipa, ndipo kuitaya musanaiyang'ane mkati ni kutaya ndalama. Koma pali matenda ena amene inabadwa nawo, amene sangapole olo muipukute mpaka ing'anime. Nchito yonse ili pa kusiyanitsa awiliwa.

Yambani na sekondi yoyamba mukayatsa makina. Dzina la Nintendo limene limatsika pa sikilini ya Game Boy yakale ija ya 1989 limachokela mu katiliji. Makina amatenga mabaiti 48 amene apanga chizindikilo icho, amachionetsa, ndiyeno amachiyelekeza na chimene anasunga mkati mwawo. Zikasiyana olo pang'ono, amaima pomwepo. Nintendo inachita izi kuti aliyense wopanga katiliji popanda chilolezo akakamizike kukopela chizindikilo chawo, kuti akamugwile bwino ku khoti. Opanga gong'a anakopela chabe osayopa. Koma kwa ise ofuna kukonza, ichi ni chipimo cha mahala. Mukaona kabokosi kakuda m'malo mwa dzina, makina sanaione katiliji olo pang'ono. Mukaona zilembo zodukaduka kapena zili na madontho, makina aiona koma mano ena sagwilana bwino. Pa Game Boy Advance ni chimodzimodzi: mawu akuti GAME BOY amabwela nthawi zonse, koma ka Nintendo ka pansi kamabwela chabe ngati katiliji yawelengeka.

Mano amene nikamba ni tumizele tuja twa golide kumunsi kwa katiliji. Tulipo 32, pa Game Boy yakale na pa Advance pomwe, ndipo kamodzi chabe kakada, gemu siyaka. Apa ndiye pali mwambo umene tonse tinakula nawo, wouzila mpweya na pakamwa. Lekani, mwandi. Chimene chimathandiza pa mwambo uja ni kuchotsa na kubwezela katiliji, kaili mano amakhuzana na kugwilana pamalo pena. Mpweya wanu uli na chinyezi, ndipo chinyezi pa chitsulo ni nguwe ya mawa. Pa oliji zitenga nthawi kuti muone zotulukapo. Pa gong'a golide ni yopyapyala ngako, ndipo zina zilibe na golide komwe, choncho sizichedwa kuchita bii.

Chofunika ni isopropyl alcohol, ija ya 90 peresenti kupita pamwamba, na kathonje ka m'makutu. Anyamata okonza mafoni ali nayo pa tebulo, mungawapemphe madontho ochepa. Sipiliti ya pepo ya ku shopu ingakuthandizeni ngati palibiletu china, koma ili na utoto umene umatsala pa mano, choncho pukutaninso na thonje louma. Dothi louma limene likana kuchoka, labala yoyela ya kusukulu imalichotsa, bola mwatsegula katiliji na kuchotsa zinyenyeswa zonse pambuyo pake. Sandpaper, leza na mpeni ayi. Izo zimachotsa dothi pamodzi na golide, gemu iyaka lelo, pakapita mwezi ifa kosabwelela.

Musanapitilize, chitani chinthu chimene ambili amalumpha chifukwa chofulumila: yesani katiliji yomweyo m'makina a mnzanu, ndipo yesani katiliji ina m'makina anu. Ni masamu a giledi 2 koma amapulumutsa ndalama. Nthawi zina wolakwa si katiliji. Switch yoyatsila Game Boy Advance ikada mkati, kanyali kamasinthasintha pakati pa gilini na kufiila, ndipo gemu imazima yokha mukangoigwedeza. Mabatili aja otchipa a pa msewu, opepuka monga mulibe kanthu, nawonso amanamizila katiliji mlandu. Gong'a zambili, makamaka zija za magemu ambili mu imodzi, zimadya moto kupambana oliji, choncho mabatili amene akwanitsa kuyendetsa Tetris angagonje pa gong'a, gemu n'kuuma pakati. Palinso zimene si matenda konse. Nintendo DS na DS Lite zimalandila makatiliji a Advance koma osati a Game Boy yakale kapena Color, Game Boy Micro nayonso chimodzimodzi, ndipo DSi ilibiletu khomo la Advance.

Ngati mano ni oyela, makina ali bwino, koma dzina la Nintendo likali kubwela lodukaduka, tsegulani. Katiliji ya Advance ili na kasikulu kamodzi kumbuyo ka mutu wa Y, ya Game Boy yakale ili na ka mutu wozungulila wa manomano ka 3.8 mm. Gong'a zina zili na kasikulu wamba ka nyenyezi, kamene kakuuzani kale chimene mwagwila. Mkati mupeza bodi, ndipo nthawi zambili bodi ya gong'a ni yopyapyala kapena chikombole chake ni chotayilila, moti imasewela mkati ndipo mano ake safika bwino pa mano a makina. Mankhwala ake amaseketsa: kapepala kopinda kamodzi kapena kawili, kapena tepu, kuika kumbuyo kwa bodi kuti iikankhile kutsogolo. Musachulukitse. Katiliji imene ifuna mphamvu kuti iloŵe ingapinde mano a makina, ndipo kusintha khomo la Game Boy ni nchito yaikulu kupambana mtengo wa gong'a khumi.

Pamene bodi ili poyela, yang'anani miyendo ya machipu pa kuwala kwabwino. Mafakitale a gong'a sataya nthawi na kuwotchelela mosamala, ndipo mwendo umodzi ukanyamuka, gemu imauma pamalo amodzimodzi nthawi zonse kapena zithunzi zimasokonezeka. Wokonza mafoni aliyense wa ku Town Centre amene amasintha khomo la chaji angaubwezele mwendo uwo mu mphindi zisanu. Koma mukapeza kuti m'malo mwa chipu cha miyendo pali chidontho chakuda chouma monga phula, palibe chimene mungachite pansi pake. Vuto likakhala mmenemo, lekani, sungani chikombole na kasikulu kuti muzikagwilitse nchito kwina.

Izo zonse ni zopepuka. Manje tibwele ku sevu, kumene anthu amalila zenizeni.

Pa Game Boy yakale na Color, sevu imakhala mu kachipu kochedwa SRAM, kamene kamakumbukila chabe ngati kalandila moto. Ndiye chifukwa chake mkati muli kabatili kozungulila monga ka mu wochi. Kabatili kakafa, sevu yapita. Tikambe chilungamo, izi zimachitika na ku oliji komwe. Pokémon Gold, Silver na Crystal zili na koloko mkati imene imayenda usana na usiku, ndipo inadya mabatili awo kale-kale. Kusiyana ni kwakuti batili ya oliji inapilila zaka zambili, pamene ya gong'a ni yotchipa, ndipo simudziwa kuti inagona nthawi yaitali bwanji m'sitolo isanafike kwa imwe. Kuiyesa sikuvuta. Sevani, zimani, chotsani katiliji, yembekezani mphindi zingapo, bwezelani. Ngati gemu ikulandilani monga mlendo, ikani multimeter pa kabatili. Kayenela kuonetsa pafupi na 3V. Nambala yake yalembedwa pamwamba pake, CR1616, CR2025 kapena CR2032. Gulani ija ili kale na timapiko twa chitsulo towotchelela pa bodi. Musaike soldering iron pa batili yeniyeni, ingaphulike. Njila yomata batili na tepu imagwila mpaka tsiku limene katiliji idzagwa m'thumba potsika minibasi, batili n'kusuntha kwa kanthawi, sevu n'kupita. Ndipo kumbukilani kuti mukangochotsa batili yakale, sevu imene ilimo ifa nthawi yomweyo.

Mpaka apa gong'a ingakonzeke. Pa ma Pokémon a Advance nkhani isintha, ndipo apa nifuna mumvetsetse chifukwa ni amene anthu amagula kwambili.

Ruby, Sapphire, Emerald, FireRed na LeafGreen za oliji sizisunga sevu na batili. Zili na chipu cha flash cha 128 KB, chimene chimasunga olo popanda moto, monga memory card. Batili imene ili mu Ruby, Sapphire na Emerald ni ya koloko chabe, yokulitsa ma berry na kusintha madzi a mu Shoal Cave. Ikafa, gemu imakuuzani poyamba kuti batili yauma koma mungapitilize kusewela, ndipo sevu yanu siikhudzidwa. FireRed na LeafGreen zilibiletu batili. Choncho mukatsegula FireRed n'kupezamo batili, simufunika umboni wina, ni gong'a.

Chipu cha flash chija chidula, ndipo opanga gong'a sachifuna. Chimene amachita ni kusintha pulogalamu ya gemu kuti izilemba sevu mu SRAM yotchipa, imene nthawi zambili ni ya 32 KB kapena 64 KB. Manje onani mmene gemu inapangidwila. Imasunga makope awili a sevu, lililonse la 56 KB, ndipo imalemba mosinthanitsa, lelo apa mawa apo, kuti moto ukaduka pakati pa kuseva mukhale na kope lakale lobwelelako. Kumapeto kwa 128 KB kuja kuli malo a Hall of Fame, kumene gemu imalemba maina a ma Pokémon anu mukagonjetsa Elite Four. Thilani zonse izo mu kachipu ka theka la malo amenewo. Kope lachiwili lilibe pokhala, ndiye kuti chitetezo chapita. Ndipo pa gong'a zina, tsiku limene mwagonjetsa Elite Four, gemu ikafuna kulemba kumalo kumene kulibe, imauma kapena imawononga sevu imene ilipo.

Ichi ndiye nichiona kuti ni nkhanza yeniyeni ya gong'a. Katiliji imene ikana kuyaka tsiku loyamba ikudyelani ndalama chabe. Iyi imayaka bwino, imaseva bwino, imakulolani kuika maola 40 kapena 60, mausiku onse a load shedding, ndiyeno ikugwetsani pa khomo lothela. Mwana wa zaka 10 amene mwamugulila sadziwa za SRAM. Adzaganiza kuti ni iye walakwitsa. Palibe sipiliti, palibe kapepala, palibe batili yatsopano imene ingawonjezele malo amene sanaikidwemo.

Zizindikilo zilipo mukadziwa kuziwelenga. Gemu ikakuuzani poyatsa kuti 1M sub-circuit board palibe, itanthauza kuti yafunafuna chipu cha flash chija ndipo sinachipeze. Ikakuuzani nthawi zonse kuti sevu yawonongeka kapena yafafanizidwa, koma n'kupitiliza monga palibe chachitika, ni chizindikilo chakuti ina mwa makope awili aja ilibe pokhala. Emerald ya gong'a ikadandaula za batili youma, musathamangile kusintha batili, chifukwa zambili zilibe koloko mkati ndipo ma berry anu sadzakula olo muikemo batili ya galimoto. Ndipo ngati cholinga chanu ni kusamutsila ma Pokémon ku Diamond kapena Pearl kupitila mu Pal Park pa DS, dziwani kuti gong'a zambili zimakanidwa pa khomo.

Gong'a za masiku ano zinapeza nzelu ina, zilibe batili. Mukaseva, sevu imayamba yaloŵa mu SRAM, ndiyeno pulogalamu imene anawonjezela imaikopela mu chipu chachikulu chimene chili na gemu yeniyeni. Mudzaizindikila chifukwa mukangoseva nyimbo imaduka kapena gemu imauma kwa kanthawi. Kanthawi ako ndiye kofunika. Mukazima pamenepo, sevu siinafike kumene ipita, ndipo mungawononge na yakale yomwe. Anthu ambili amene adandaula kuti katiliji yawo nthawi zina iseva nthawi zina siiseva, vuto lawo ni chala chofulumila pa switch. Sevani, lekani nyimbo ibwelele, welengani mpaka 10, ndiyeno zimani. Musaseve kanyali kakafiila.

Zija za 369 in 1 na abale ake nizikonda pa chifukwa china, koma osati pa sevu. Nambala ija ni yodzitama chabe. Magemu a Advance enieni ni ochepa, otsalawo ni a TV game yakale amene ayendetsedwa na emulator, kuphatikizapo obwelezedwa. Pa zambili za mtundu uwu magemu onse amagawana malo amodzi osevela, moti mng'ono wanu akatsegula gemu ina n'kuseva, yanu yapita. Ni zabwino pa magemu othamanga, omenyana na a mpila, amene mumayamba na kutsiliza pa kukhala kumodzi. Pa gemu ya milungu itatu, ayi.

Pali nkhani ina imene imayambanitsa anthu pa intaneti, ya mphamvu ya moto. Game Boy yakale na Color zimakamba na katiliji pa 5V, pamene machipu a flash amene apezeka lelo anapangidwila 3.3V. Bodi yopangidwa bwino imakhala na kachipu kotsitsa mphamvu pakati pa ziwilizi. Gong'a yotchipa imalumpha izo, chipu n'kumalandila zopitilila zimene chinapangidwila. Ena akamba kuti asewela zaka popanda vuto, ena akamba kuti zifupikitsa moyo wa makina. Ine mbali yanga ni iyi: katiliji ikafa mugula ina, koma Game Boy Color sapanganso. Ngati katiliji ifunda mukasewela, kapena mabatili akutha msanga kupambana nthawi zonse, musaisiye m'makina amene simungakwanitse kugula ena. Makatiliji a Advance amayenda kale pa 3.3V, choncho iwo nkhani iyi siiwakhudza.

Manje kwa ogulitsa. Sinili na mkwiyo na munthu amene akamba poyela kuti boss, iyi ni copy, mtengo wake ni uwu. Tonse tidziwa kuti lamulo la copyright, Cap 406 ya malamulo a Zambia, silimuikila kumbuyo, ndipo sinidzanamizila kuti gong'a ni yololedwa. Koma Nintendo inaleka kale kupanga makatiliji aya, ndipo olo mugule oliji kwa munthu, palibe ngwee imene ipita ku Kyoto. Magemu ena a Game Boy na Advance anawaika pa Nintendo Switch Online mu February 2023, koma kuti muwafikile mufunika Switch, intaneti na kulipila nthawi na nthawi. Kwa mnyamata wa ku Chawama amene wapeza Advance SP ya amalume ake, iyo si njila. Amene nili naye mlandu ni uja amene agulitsa gong'a pa mtengo wa oliji, atalumbila kuti inachoka ku UK. Uyo sabela Nintendo, abela imwe. Competition and Consumer Protection Act ya 2010 iletsa kunamiza wogula za katundu, ndipo CCPC imalandila madandaulo otele. Koma tikambe zoona, ambili a ise sitidzapita ku ofesi chifukwa cha katiliji imodzi, ndipo wogulitsa wa pa Facebook mawa asintha dzina. Chitetezo chanu chili m'maso mwanu musanatumize ndalama.

Pendekani katiliji pa kuwala. Pa pepala la oliji pali manambala awili odindidwa, osati osindikizidwa na inki, oloŵa mkati monga munthu anakanikiza. Suzumilani kumunsi kumene kuli mano: pa bodi ya oliji ya Advance, pamwamba chabe pa mano, pali chaka na dzina la Nintendo m'zilembo zoyela zooneka bwino. Gong'a zina zilibe, zina zinakopela koma zilembo zake ni zonenepa kapena zopendama. Welengani kodi ya pa pepala. Ya Game Boy yakale imayamba na DMG, ya Color na CGB, ya Advance na AGB, ndipo Emerald ya ku America ni AGB-BPEE-USA. Chikombole cha Emerald ni cha gilini yoonekela mkati, choncho batili na machipu mungazione osatsegula. Opanga gong'a nawonso amawelenga malangizo ngati awa ndipo akupita patsogolo, choncho chizindikilo chimodzi chokha sichikwana. Wogulitsa amene afuna mtengo wa oliji ayenela kuvomela kutsegula kasikulu kamodzi kaja kuti muone bodi. Akayamba zakuti sitsegulidwa, idzawonongeka, mwamva kale yankho.

Wina adzafunsa kuti mavuto onsewa ni achani pamene foni ili na emulator, ndipo tumakina monga Miyoo Mini na Anbernic tumabwela na magemu odzala. Funso ili ni labwino, ndipo ngati chimene mufuna ni kutsiliza Emerald popanda kugunda mtima, chitani zimenezo. Kwa amene ali na makina enieni ndipo afuna kusewela kwambili, flash cart monga EZ-Flash Omega kapena EverDrive, imene imalandila memory card, idula pogula koma imaposa kugula gong'a zisanu imodzi-imodzi. Sinikamba kuti gong'a ndiye njila yabwino kopambana. Nikamba kuti zili kale m'manja mwathu zambilimbili, ndipo kuzitaya ku dzala pamodzi na mabatili a lithium amene ali mkati si nzelu.

Chimene ningakonde kuona ni gulu la anzake anayi kapena asanu asonkhelana kugula kachipangizo kamodzi kowelengela makatiliji pa kompyuta, monga GBxCart RW kapena GB Operator. Mumaloŵetsa katiliji, mumalumikiza na USB, ndipo sevu imakopeledwa pa laputopu. Apo mantha a batili atha, chifukwa mungakopele sevu, kusintha batili, n'kuibwezela. Musanaloŵe kwa Elite Four pa katiliji imene simuikhulupilila, kopelani. Amene ali na DS Lite na flash card angachite zofanana pa makatiliji a Advance na kapulogalamu kochedwa GBA Backup Tool. Pa gong'a zopanda batili zija nkhani ivutako, chifukwa sevu imabisala mkati mwa chipu cha gemu, koma FlashGBX, pulogalamu ya mahala imene imagwila na GBxCart RW, imadziwa kuitulutsa pa zambili. Wokonza mafoni amene angaike kachipangizo aka pa tebulo pake angapeze makasitomala amene sanawaganizile.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene gong'a ingachite chimene oliji singachite. Gemu ya mu oliji inaumbidwa mu chipu ku fakitale ndipo siisinthika. Ya mu gong'a zambili ili mu flash, choncho ingafafanizidwe n'kulembamo ina. Katiliji imene inabwela na gemu yosweka ingalandile kope labwino. Ingalandilenso gemu imene mwapanga mwekha. GB Studio, imene Chris Maltby anatulutsa mu 2019, ni ya mahala, ndipo imalola munthu wosadziwa kulemba code kupanga gemu ya Game Boy mwa kujambula zipinda na kuika anthu okamba. Mawu a anthu awo mungawalembe mu Chinyanja. Kondakitala wa pa Kulima Tower angakhale bwana wa level yothela, okana kupeleka chenji. Fayilo imene ituluka mumailemba pa gong'a ya Game Boy kapena Color, mumamata pepala lanu pamwamba, ndipo imayaka pa makina enieni, na dzina la Nintendo kutsika monga kale. Si gong'a zonse zimene zimalola kulembedwanso, makamaka zija za chidontho chakuda. Mukailoŵetsa, FlashGBX imayesa kuzindikila chipu chimene chilimo, ndipo ikachizindikila imakuuzani kukula kwake. Kopelani gemu yakale na sevu yake pa kompyuta musanadinize batani lofafaniza.